Nthiti ya Bambo Otis

"Wendell, mukudwala kapena mukuonera mpira?" anafunsa Loretta atagwira m'chiuno.

Mwamuna wakeyo anali gone pa sofa, bulangeti mpaka m'khosi, koma diso limodzi lili pa kanema.

"Ndine wodwala, mayi. Kodi wodwala saonera mpira?"

"Ndinu chidole. Chidole chimangoyang'ana kudenga."

Chidole chimenechi ndicho chinali chitamusowetsa mtendere Loretta Pruitt. Mayiyu anagwira ntchito yothandizira anamwino pachipatala china kwathu kuno ku Toledo kuyambira ali mtsikana: kusambitsa odwala, kuwatembenuza, kuwadyetsa. Imvi zitayamba kale, chipatalacho chinatsegula mwayi woti othandizira akaphunzire unamwino weniweni ku koleji, ntchito osaisiya. Loretta sanadikire kuuzidwa kawiri. Mabuku anawagonjetsa, masamu a mankhwala anawagonjetsa. Ndiye kudzagwetsedwa ndi chidole, abale inu!

Kukolejiko kuli chipinda chokonzedwa ngati wodi, ndipo pabedi pamagona munthu wapulasitiki amene ophunzira amamutcha Bambo Otis. Amaphethira, amapuma, mtima umagunda. Mawu ake ndi a mphunzitsi, Mayi Kowalczyk, amene amakhala kuseri kwa galasi n'kumakulitsa mawu pa maikolofoni. Pa mayeso oyamba, Loretta analowa ngati akulowa m'sitolo. Moni osapereka, dzina osafunsa, anangogwira mkono wozizirawo n'kuyamba ntchito. Bambo Otis atabuula kuti, "Ndikumva kuwawa, anamwino," iye anaphulika kuseka.

"M'chipinda changa muno, Bambo Otis ndi munthu," anatero Mayi Kowalczyk, nkhope ili gwa. "Mubwerenso Lachisanu. Mukalepheranso, malo anu apita kwa wina."

N'chifukwa chake Wendell anagonekedwa pa sofa Lamlungu masana, taye ya kutchalitchi asanamasule n'komwe.

"Yambani, anamwino," anatero. "Walira mvula walira matope. Unamwinowu munaufuna nokha."

Loretta anakonza kukhosi. "Muli bwanji, bambo? Dzina langa ndine..." Analekeza panjira n'kudzigwetsa pampando. "Sizikutheka. Kwa inu ndingathe chifukwa mukununkha anyezi, ndikudziwa kuti ndinu munthu. Koma chija! Chozizira, maso tong'o, pakamwa yasa. Ndikamachiyankhula ndimadziona ngati wamisala. Ine ndasambitsa anthu enieni, Wendell. Ena anatsirizikira m'manja mwangamu. Lero ndikagwadire pulasitiki?"

Wendell anazimitsa kanema, chinthu chimene sachita mpira uli mkati ngakhale nyumba itayaka.

"Chaka chija mtima wanga unandikana, ndili kwa odwala mwakayakaya, ndinkaoneka bwanji?"

"Musayambe zimenezo."

"Wozizira. Maso tong'o. Paipi kukamwa. Ndinkasiyana pati ndi Otis wanuyo? Koma inu munkabwera tsiku ndi tsiku kudzandiuza za chipale chofewa chimene chagwa n'kutseka msewu, za mkangano wa m'kwaya, za galu wa aneba amene wakumba maluwa anu. Sindinkayankha, koma ndinkamva. Mawu anu ndi amene ndinatsatira pobwerera kuno."

Loretta anapukuta maso ndi nsonga ya bulangeti lija. "Nanga bwanji simunandiuzepo?"

"Ndikuuzeni kuti ndimakonda kulongolola kwanu? Ndidziputire moto ndekha?"

Analandira pilo kumaso, ndipo anali womuyenera.

Lachisanu m'mawa Wendell anamuperekeza pa galimoto yake yakale, n'kutsala panja ndi bokosi la madonasi lomwe ankati ndi lachikondwerero. Loretta analowa yekha. Anagogoda pachitseko cha chipinda chija, n'kusamba m'manja. Atayang'ana pabedi, kuseka kunakwera mpaka pakhosi, chifukwa wina anali atamuveka Otis wigi yopendekeka. Koma anaona mkono uli panja pa bulangeti, chikhatho chili chagada, ndendende mmene unkagonera wa Wendell chaka chija. Kusekako kunabwerera komwe kunachokera.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Ndine Loretta, ndikhala namwino wanu lero. Mundiuze dzina lanu ndi tsiku lanu lobadwa."

"Otis," linayankha liwu lokhuthala lija, n'kutchula tsikulo. "Pachifuwa pakundiwawa, anamwino."

"Pepani. Tiyeni tione. Manja angawa ndi ozizira pang'ono, musadzidzimuke."

Zinayenda ngati madzi. Anawerenga dzina pa kalamba ka pamkono, anamvetsera mtima, anafunsa ngati pali mankhwala amene thupi lawo limakana. Anawauzanso za galu wa aneba, ngakhale zimenezo sizinali pa mayeso. Atatembenuka kuti atenge mankhwala, m'chipinda munangoti zii. Kaphokoso ka makina kanaleka. Chifuwa cha Bambo Otis chinasiya kukwera.

"Bambo Otis? Bambo Otis!"

Anawagwedeza paphewa. Anagwira pakhosi, mtima osamveka. Apo ndiye Loretta anaiwala galasi, anaiwala mayeso, anaiwala ndi mawondo ake opweteka.

"Thandizeni kuno! Mtima waima!" anakuwa, mawu mpaka kukamveka kukantini. Anagwetsa mutu wa bedi, anakwera ndi bondo limodzi, n'kuyamba kutsindika pachifuwa ndi manja onse awiri, akuwerenga mokweza. Ndipo manja a mayi amene wakhala akunyamula odwala moyo wake wonse si amasewera. China chake m'chifuwamo chinalira kuti thyo!

Chitseko chinatseguka. Analowa Mayi Kowalczyk, kapu ya khofi kumanja, chingwe cha magetsi chitakola ku nsapato.

"Mayi Pruitt, lekani. Ndine ndakoka chingwe ndi phazi pofikira khofi. Wangozima basi."

"Musangoima pamenepo! Bweretsani makina odzutsa mtima!" Loretta sanacheuke n'komwe. Misozi inali mbwembwembwe. "Wendell, musandisiye, mwamva? Musandisiye!"

"Mayi Pruitt!"

Loretta anaima, akupumira m'mwamba. Anayang'ana chingwe, anayang'ana wigi yomwe inali itagwera pansi, anayang'ana manja ake. Manyazi anamugwira mpaka kulakalaka pansi patatseguka. Wakalipira mphunzitsi, waswa katundu wa koleji, ndiponso wamutcha wodwala dzina la mwamuna wake. Tsoka likalimba, ndithu, limabwera ndi abale ake.

"Ndalephera, eti?" anafunsa chapansipansi.

Mapewa a Mayi Kowalczyk anali akugwedezeka. Mayi amene ophunzira ankalumbira kuti alibe mano anaseka mpaka khofi kutayikira pa nsapato.

"Ndaphunzitsa anthu ambiri," anatero akupukuta maso, "koma woyamba kundituma ndinu. Ndipo mwandituma zoona. Komabe mayeso sanathe. Wodwala wanu sanalandire mankhwala ake."

Anabwerera kuseri kwa galasi n'kulumikiza chingwe. Makina analira, chifuwa chinakwera mopendekeka, maso anaphethira.

"Anamwino," linatero liwu lokhuthala lija, likunjenjemera pang'ono, "mwandithyola nthiti."

Apa ndiye panali mayeso enieni. Loretta analuma mlomo, natola wigi ija n'kuibwezera pamutu mwaulemu.

"Pepani, bambo. Nthiti imapola. Chachikulu mwabwerera. Tsopano mundiuzenso dzina lanu, ndisanakupatseni mankhwala."

Atamaliza zonse, Mayi Kowalczyk anatuluka n'kumugwira chanza. "Mwakhoza, Mayi Pruitt. Lolemba musachedwe. Za nthitiyo ndikafotokoza ndekha, chingwe ndinakoka ndine."

Loretta anathokoza, koma asanatuluke anabwerera pabedi. Anabweza mkono uja m'bulangeti, n'kunong'oneza kuti, "Mupume bwino, bambo."

Panja anapeza Wendell ali ndi shuga kundevu, bokosi lachikondwerero lija litatsala ndi donasi imodzi.

"Wodwala ali bwanji?" anafunsa mwamantha.

"Ali moyo. Koma nthiti ndamuthyola."

"Mwakhoza kapena akumangani?"

"Ndakhoza, bambo inu!"

Wendell analiza hutala mpaka mlonda kucheuka. Kenako anafungatira chifuwa chake ndi manja onse awiri. "Koma kuyambira lero, za sofa zija zatha. Mupeze chidole china."

"Chotsani manjawo."

"Ayi, mayi, nthiti zanga ndimazikonda."

Loretta anawachotsa yekha manjawo, n'kuika chikhatho chake pachifuwapo. Panali potentha, ndipo mkatimo munkagunda bwinobwino. Anachisiya pomwepo kwa kanthawi, osanena kanthu.

"Yankhulani, mayi," anatero Wendell chapansipansi. "Mukakhala chete ndimasochera."