Ndine Njinga ya Limbani

Ndinalota maloto amene andisowetsa mtendere mpaka lero. Mwina n'chifukwa choti aphunzitsi anatiuza kuti anthu anzeru akale a ku Girisi ankati anzako ena amakukondera phindu lokha.

Ndinalota anzeruwo ali pamsika wathu, atafunda nsalu zoyera, akuunjika anthu m'milu ngati tomato. Dzuwa linkawotcha, fumbi likundilowa m'kamwa. Limbani, mnzanga amene ndimamukweza panjinga popita kusukulu, anandinyamula ndi dzanja limodzi. Ndinali wopepuka ngati mankhusu.

"Uyu ndi ndani wako?" anafunsa mkulu wina wadazi.

"Ndi njinga yanga, agogo," Limbani anayankha akuseka.

Ndinafuna kukana, koma m'kamwa mwanga munangolira belu. Mkuluyo anandifinya mwendo, n'kunena kuti mpweya wachepa. Limbani anandigoneka pansi, n'kupita kukasankha wina pamulu wapafupi.

Kutacha anabwera kwathu monga mwa masiku onse. "Aise, fulumira, tichedwa!"

Ndinamukweza. Njira yonse ndinkafuna kumufunsa ngati akanamabwerabe ndikanakhala woyenda pansi. Koma ndinaopa yankho lake, poti mnzanga wina ndilibe. Ndinangopalasa.