Thandala la Eveles

Usipa wa Eveles unachita chuku kachitatu Lachisanu pa 12 Januwale, ndipo masana omwewo gulu la amayi oyanika nsomba ku Senga Bay linayamba kukamba zomuchotsa.

Usipawo unali wa kafukufuku amene anabwera ndi Tikondwe, mtsikana wophunzira pa koleji ina ku Lilongwe. Ankayesa zinthu ziwiri nthawi imodzi: kufutsa usipa m'madzi owira usanayanikidwe, ndi kuuyanika mu tenti ya pulasitiki m'malo mwa pamtetete. Choncho mathandala anali anayi. Panja panali wauwisi ndi wofutsa, mu tenti munalinso wauwisi ndi wofutsa. Usipa wonse unkachokera m'boti limodzi.

Koma pagombepo mayi sagwira nsomba za mnzake, chifukwa zikawonongeka amene anazikhudza ndiye amatchulidwa. Tikondwe, posafuna mikangano, anapatsa mayi aliyense thandala lakelake. La wofutsa wa mu tenti linagwera Eveles, amene anakwatiwa kumeneko kuchokera ku Khombedza chaka chathachi. Pamsonkhano woyamba Eveles anali atanena kuti tentiyo ikuoneka ngati khola la nkhuku, ndipo anzake sanaiwale.

Wofutsa wa panja unkauma bwino. Wauwisi wa mu tenti unkauma msanga, wopanda mchenga ndi ntchentche. Wapampando, amake Ahmad, anati kufutsa n'kwabwino, tenti ndi yabwino, ndiye zabwino ziwiri sizingabale chuku pokhapokha pali dzanja la munthu. Ena anati Eveles amawaza madzi. Ena anatsitsa mawu n'kutchula mankhwala. Aliyense ankadziwa kuti akachoka m'gulu, ataya malo oyanikira pagombe, ndipo malo ena kulibe.

Tikondwe nayenso ankamukayikira. Lolemba anapempha kuti ayesenso, n'kukhala pakhomo pa tenti m'mawa wonse ngati akungoyeza kutentha.

"Mukundilondera, achemwali," anatero Eveles osatembenuka. "Bwerani mufufuze m'chitenjemu, mwina mupeza nyanja."

Tikondwe anaona Eveles akutsanula usipa m'dengu uli wotentha, monga anamuuzira, n'kuumwaza mosamala. Sanaone china. Koma pofika masana pulasitiki ya pamwamba pa thandala limenelo inali itachita thukuta, ndipo timadontho tinkagwera pansomba. Pamwamba pa wauwisi panali pouma. Zimenezi sizinamuchotsere chikayiko, popeza usipa wowazidwa madzi ukanachitanso chimodzimodzi.

Pamsonkhano wa Lachitatu Tikondwe anafotokoza mwachidule. Anati chinthu chikhoza kuthandiza pachokha koma n'kuwononga chikakumana ndi chinzake, ndipo n'chifukwa chake mathandala ali anayi osati awiri. Vuto linali loti wofutsa wa mu tenti sunayanikidweko ndi munthu wina kupatula Eveles. Palibe amene akanatha kusiyanitsa ngati wolakwa ndi mayiyo kapena nthunzi yosowa potulukira. Anapempha kuti achite mayere, asinthane mathandala.

Amayi anakana. Wina anati iye sangaike nsomba pamene paikidwa zosadziwika. Amake Ahmad anafunsa ngati ku Lilongwe amaphunzitsanso kuteteza anthu ochenjera. Tikondwe anati sakuteteza munthu, ndipo usipa ukauma bwino m'manja mwa wina, iye sadzanenanso kanthu. Pamapeto pake amayi anagwirizana kuti thandala la Eveles litulutsidwe, amange latsopano ndi bango latsopano, ndipo Eveles asaponde mu tenti.

Mayere anachita ndi zitsekerero za mabotolo m'chipewa. Eveles anatola wauwisi wa panja. Wofutsa wa mu tenti unagwera amake Ahmad.

"Alhamdulillah," anatero iwo pothokoza Mulungu. "Tione tsopano ngati nthunzi ili ndi manja."

Anafutsa okha, anamwaza okha, n'kumanga chitseko cha tenti ndi mfundo yawoyawo. Mpaka dzuwa kulowa anakhala pampando pafupi ndi chitsekocho. Eveles anayanika wake kutali, kumbali ya maboti, kumene aliyense ankamuona.

Loweruka pa 20 Januwale amake Ahmad anamasula mfundoyo gulu lonse likuona. Fungo linatuluka iwo asanalowe. Usipa unali wofewa, ndi chuku choyera kumimba, ngati wa Eveles uja. Amake Ahmad anatola umodzi, n'kuuthyola, n'kuununkhiza nthawi yaitali. Kenaka anafunsa Tikondwe ngati angatsimikize kuti mphepo sinachokere kumbali ya maboti kumene kunali Eveles. Tikondwe anati angatsimikize zimene wayesa zokha: thandala linasintha, munthu anasintha, chuku sichinasinthe. Anawonjezera kuti ayenera kubwereza ndi mayi wachitatu, komanso kuyesa kuziziritsa usipa usanalowe mu tenti.

Nkhani yomuchotsa Eveles sinatchulidwenso, ngakhale palibe anapepesa. Iye anakokera thandala lake lakale lija pamalo ake akale, pakati pa anzake. Mayi woyandikana naye anasunthako dengu lake pang'ono kumupatsa malo.

"Amake Ahmad," anatero Eveles akukonza bango, "msonkhano wochotsa inu tichite liti? Ndikufuna ndichapiretu chitenje."

Amayi awiri anaseka. Wapampando anangoti mawa boti lifika m'mamawa, aliyense asachedwe, ndipo potchula maina a ogawana usipa anatchulanso la Eveles.