Nangula wa Tsiku la Mdipiti

Casilda Poot anavuuka m'madzi n'kugwira m'mbali mwa boti ndi manja onse awiri. Magalasi osambirira anali akadali kumaso, ndipo ankapuma ngati wathamangitsidwa.

"Alamu, kwagwanji? Shaki wakufunsirani banja?" anafunsa Evaristo, mwamuna wa mkulu wake, amene ankayendetsa botilo. "Muvomereni, umasiye wakwana."

Casilda sanaseke. Anavula magalasi aja n'kumupatsa.

"Suzumirani pansi."

"Ine? Mimba iyi ikaweramira uko boti ligubuduka, alendo anuwa abwerere ku Canada chosambira."

"Suzumirani, alamu."

Evaristo anagwada, anavala magalasi n'kumiza nkhope m'madzi. Anakhala choncho nthawi yaitali. Ataweramuka, madzi ankatsika m'ndevu zake, kukamwa kuli yasa.

"Mayi wa Mulungu," ananong'ona.

Pamalo pamene dzana panali nkhalango ya makorali, zomera zolimba ngati miyala za pansi pa nyanja zokhala ndi nthambi ngati nyanga, ena ofika m'chiuno mwa munthu, tsopano panali bwalo loyera, lozungulira ngati pamene yadya mbuzi yomangidwa pachikhomo. Nthambi zinali mbwee pamchenga, mothyokamo muli mbee ngati mafupa. Tinsomba tinkangozungulira ngati anthu pa nyumba yopsa. Ambiri mwa makoraliwo Casilda anawadzala ndi manja ake zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ali tizidutswa ngati chala, akumata kamodzikamodzi pathanthwe ndi simenti. Ndiwo ankabweretsa alendo kumudzi wawo wa Punta Chacá. Ndiwonso ankathyola mphamvu ya mafunde asanafike m'makomo.

Alendo awiri aja anakwera m'boti. Mmodzi, mayi wa imvi, anatsegula botolo lake la madzi n'kupatsa Casilda iye asanamweko. Kenako anafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Evaristo anayankha msanga kuti sakudziwa.

Koma Casilda ankadziwa. Anadziwa akadali pansi pomwepo.

Dzulo lake linali tsiku la Amayi Maria a ku Karimeli, nkhoswe ya asodzi. Monga mwa chaka ndi chaka, maboti onse a m'mudzi anachita mdipiti panyanja, ndipo ulendo uno mwayi wonyamula chifaniziro cha Amayiwo unagwera boti la Evaristo. Mwambo wake ndi woti boti la Amayi limakaima pamene asodzi asanu ndi awiri anamira ndi mkuntho kalekale. Injini imazimitsidwa, ndipo botilo silichoka mpaka korona ithe. Chigubu choyandama chimene amamangirirapo maboti chinali chitaduka ndi mphepo mwezi wathawo, choncho Evaristo anaponya nangula. Amene ankatsogolera korona anali Casilda. Anaumva unyolo ukutsika, koma sanatsegule maso. Mphepo inkakankhira boti uku ndi uku. Iye, mtima utadzaza, anapemphera modekha kuposa zaka zonse, n'kuwonjezanso litaniya ndi mayina a omira aja, limodzilimodzi. Nthawi yonseyo unyolo unali kusesa pansi.

Masana anakumana kukhitchini kwa Apolonia, mkulu wake wa Casilda. Apolonia ankaphika matotiya, tizigumu topyapyala ta ufa wa chimanga, nsomba yokazinga ili kale patebulo.

"Ndinaponya pamchenga!" anatero Evaristo akuyenda uku ndi uku. "Pamene bambo anga ankaponya. Ukaona nsanja ya tchalitchi yalunjikana ndi kokonati wamtali uja, pansi pako ndi mchenga wokhawokha. Zaka makumi anayi ndili panyanja ino, ndingasokoneze zimenezo?"

Manja a Apolonia anaima.

"Kokonati uti, bambo a Lupita?"

"Wamtali uja. Wa kuseri kwa nyumba ya malemu Don Chucho."

"Mtengo umenewo anaugwetsa Isitala isanafike, pomanga zipinda za alendo zija. Inu nomwe munakatola nawo makokonati ake, munabwera nawo thumba lodzaza."

Evaristo anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala pansi.

"Ndiye ndinayang'ana uti?"

Totiya imodzi inayamba kupserera, Apolonia anaichotsa ndi zala n'kuiponyera m'mbale yake.

"Tamverani," anatero Apolonia motsitsa mawu. "Kugolosale anthu agwirizana kale kuti ndi Rutilio, woyendetsa boti la hotela uja. Nayeli wa ku ofesi yoteteza nyanja wamuitana, akaonekere isanakwane faifi. Akuti chiphaso chake amulanda."

"Dzulo Rutilio anali kumtunda," anatero Casilda. "Ndi amene anabereka agogo aja, Doña Tecla, kuwakweza m'boti mwathu kuti nsapato zawo zisanyowe."

"Ndiye wasanduka woyera mtima? Timuyatsire kandulo? Si iwowo amatsitsa alendo makumi atatu nthawi imodzi, ena kuima pamakorali ngati ali pakhonde la kwawo? Lero akagwa ndi mlandu umodzi palakwika chiyani? Ndi wa ku Veracruz uja, akapeza ntchito ina kwawo."

"Ali ndi ana atatu, achemwali."

"Ife tili ndi nkhuku? Casilda, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukangotsegula pakamwa, boti ili alikokera kumtunda miyezi isanu ndi umodzi, mwina chaka. Alendo akowo uzidzawatengera pa chiyani, pa beseni? Nanga Lupita ku sukulu ku Chetumal azidzadya mapemphero ako? Madzi akatayika saoleka. Makorali athyoka basi, sadzalumikizika chifukwa choti iwe walapa."

Casilda anayang'ana manja ake. Anali ndi zipsera zing'onozing'ono za simenti ndi miyala.

"Alamu," anatero Evaristo osadzutsa mutu, "unyolo uja munaumva?"

"Ndinaumva."

"Bwanji simunanene? Inu ndi amene mumadziwa pansi paja kuposa tonse."

"Ndinali pakati pa Tikuoneni Maria."

Kunja galu wa a neba ankakoka tcheni chake.

"Inu munaponya kamodzi," anapitiriza Casilda. "Ine ndi amene ndinaugwiritsa pamenepo ola lathunthu."

"Ndiye khala chete, tonse tikhale chete!" anakuwa Apolonia. "Kapena ukufuna dziko lonse limve kuti boti la Amayi Maria ndilo laphwanya makorali? Bambo mfumu analimo. Amayi onse a bungwe la kutchalitchi analimo. Udzayenda bwanji m'mudzi muno?"

Casilda anaimirira. Nsomba sanaikhudze. Apolonia, nkhope ili gwa, anakulunga matotiya anayi m'kansalu n'kumukankhira m'manja.

"Tenga. Usakakomoke panjira ndi chilungamo chakocho."

Popita anadzera kutchalitchi. Chifaniziro chinali chitabwerera pamalo pake, maluwa a dzulo atafota, mkanjo wake uli ndi mawanga a mchere. Casilda anagwada. Anayesa kuyamba pemphero, koma mawu sanabwere. Anangokhala choncho mpaka mawondo anapweteka, kenako anachita chizindikiro cha mtanda n'kutuluka.

Pakhonde la ofesi anapeza Rutilio atakhala pabenchi, chipewa chili m'manja, malaya osita bwino ngati wopita ku maliro. Atamuona anasuntha kuti amusiyire malo a pamthunzi.

"Pepani, Doña Casilda," anatero. "Ndamva kuti ndi aja munadzala inu. Koma ndikulumbira pa ana anga, si ine."

"Ndikudziwa," anatero Casilda, n'kulowa osagogoda.

Nayeli Uc anali mtsikana wa m'mudzi momwemo, ndipo Casilda ndiye anamuphunzitsa katekisimu. Pa desiki pake panali nthambi ya korali yothyoka ndi pepala lolembedwa kale theka.

"Mayi Casilda, mwachita bwino kubwera. Munaliona boti la hotela dzulo?"

"Ayi. Tenga pepala lina, mwanawe."

Anafotokoza zonse, za chigubu, za mtengo wa kokonati, za unyolo. Sanakweze mawu ndipo sanalire. Cholembera cha Nayeli chinayenda pang'ono, kenako chinaima.

"Boti la Amayi?" anafunsa. "Mayi anga analimo. Anabwera kunyumba akunena kuti korona yokoma chotero sanaimvepo."

"Anali kumbuyo kwanga."

"Mukudziwa kuti ndikalemba sindingafufute? Pepalali lipita kwa akuluakulu a boma ku Chetumal. Boti la Don Evaristo liima, ndipo inunso muima nalo."

"Lemba. Dzina langa likhale pamwamba, la alamu pansi. Ndipo bambo ali panja aja uwauze azipita kwa ana awo."

Nayeli anakoka pepala latsopano.

Patapita masiku atatu, boti la Evaristo linali kumtunda, litagona pamitengo, chikalata cha boma chitamatidwa kumphuno kwake. Maboti ena anali atapita kale ndi alendo. Casilda anatsikira kugombe m'mawa monga anazolowera, ngakhale panalibe kopita. Apolonia, amene ankasesa pakhomo, atamuona analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Evaristo ankamasula injini kuti akaisunge m'nyumba, isadyedwe ndi mchere. Sanamupatse moni. Anamasula bawuti lomaliza, anaikumbatira injiniyo n'kuyesa kuinyamula yekha. Inamukanika. Anayesanso, misempha ya m'khosi ili tototo, n'kuibwezera pomwepo. Anapukuta thukuta ndi malaya, maso ali kunyanja.

"Mwangoima pamenepo mukudikira kuti ndithyoke msana, mukalembetsenso zimenezo?" anatero. "Gwirani uko, alamu. Kumapikoko n'kwakuthwa, samalani zala."

Casilda anavula nsapato n'kugwira. Anainyamula awiriwo, kukwera mchenga pang'onopang'ono, kulowera ku chitseko chotseka chija.