Ponda Apa, Mama

1.
Mpira wofewa. Fumbi la kaboni, losalala kuposa mwaye. Timawaya tiwiri. Mwatitha amasakaniza, amathira m'chikombole, amadikira kuti ziume. Chimatuluka ndi kampira kopyapyala koyala m'nsapato. Munthu akakaponda, tinjere ta kaboni timathithikana, magetsi amadutsa mosavuta, ndipo foni ya Mwatitha, ngakhale ili kutali, imajambula mzere.

2.
Luchenza, kalekale, pakhonde la sitolo pamene a Chimtengo, bambo ake, ankasokera, iye ali ndi zaka zinayi, kukwera pamapazi awo, timapazi take pamwamba pa awo, makina akulira, nsalu ya yunifolomu ikutsetsereka, fungo la mafuta a makina ndi choko, amayi odikira madiresi akuseka kuti telala wapeza wolowa m'malo, onse awiri akupalasa limodzi mpaka dzuwa kupendeka
Ponda apa, mama, ankatero bambowo. Ponda apa.

3.
Shuga.
Mapazi a bambo aja anasiya kumva. Zimene anapondapo osadziwa:
singano
khala la moto
chitsekero cha botolo
Adokotala sanazungulire. Chilonda china chikabwera, phazi tidula.

4.
Ababa, muzivala tsiku lililonse, anatero Mwatitha atabweretsa kampira kaja. Mukalemetsa malo amodzi, foni indiuza chilonda chisanayambe.
Wapanga wekha?
Ndekha. Zaka zitatu.
A Chimtengo anakatembenuza, nakanunkhiza ngati nsalu yatsopano. Chabwino, mama.

5.
Ku Blantyre, m'mawa uliwonse, mzere unkabwera. Chidendene, zala zisanu. Chidendene, zala zisanu. Mtima wa Mwatitha unakhala pansi. Ankaonetsa anzake kuntchito monyada, onani madala anga akuyenda. Pa Khirisimasi sanapite kumudzi. Pa Pasaka sanapitenso, apitirenji pomwe foni ikuti ali bwino? Anthu ophunzira ndi otero, mzere amaukhulupirira kuposa maso awo.

6.
Bwera, anatero azakhali ake pafoni. Phazi lija lanunkha.
Lamanzere. Lopalasira makina.
Madokotala anadula m'munsi mwa bondo, Mwatitha akadali m'minibasi.

7.
Anadzera kunyumba kukawatengera zovala. Nsapato zinali pakhomo, m'kati mulibe kanthu. M'sutikesi, pansi pa suti ya kutchalitchi, anapeza kampira kaja kokulungidwa m'nsalu yoyera. Kopanda thukuta. Kopanda fumbi. Katsopano ngati tsiku lija.
Anapsa mtima, ndipo analira.

8.
Ababa, nanga mizere ija?
A Chimtengo anayang'ana kudenga la chipatala. Chinthu chimene mwana wanga wavutikira zaka zitatu, ine ndichiponde ndi mapazi afumbiwa? Ayi, mama. Zabwino timasunga.
Nanga mizere ija, ababa?
Ndinkakayala patebulo la makina, n'kuikapo dzanja. M'mawa uliwonse, ndisanamwe tiyi. Kuti udziwe kuti ndadzuka.

9.
Chikhatho, zala zisanu. Chikhatho, zala zisanu.
Mwatitha anakhala m'mphepete mwa bedi, pamene panayenera kukhala phazi. Anatsegula foni, nabwerera mpaka tsiku loyamba. Miyezi isanu ndi itatu, osaphonya m'mawa ndi umodzi womwe. Iye ankawerenga mayendedwe, pomwe bambo ake ankamupatsa moni.
Anayamba kuyankha, mzere ndi mzere, chapansipansi.
Ndadzuka bwino, ababa. Ndadzuka bwino, kaya inu.