Matayala a Njinga ya Fidelis

"Makiyi mwabisa ndinu, bambo aakulu! Musayang'ane kumwamba, ndinu!"

Khumbo anali chilili pakhomo la galaja kuseri kwa mafulati a ku Lewisham, ku Mangalande, chala chikuloza a Paterson, akulu awo a bambo ake. M'galajamo munali njinga yamoto yofiira ya bambo akewo, malemu Fidelis, amene anagwa ali pantchito kunyumba yosamalirako okalamba sabata yathayo, osadzukanso. M'fulati yam'mwamba amayi a mvano ankaimba nyimbo za maliro, mawindo ali otseka kuopa aneba.

"Sindinabise, ndasunga," anatero a Paterson. "Katundu wa malemu sakhudzidwa mwini wake asanalowe m'manda, ndipo manda ali ku Ntcheu. Tikaika, tidzakhala pansi, tidzagawa."

"Nanga wotchi yawo ili pamkono panuyo si katundu?"

A Paterson anakoka mkono wa jekete n'kuphimba wotchiyo.

Nkhani yake inali iyi. M'mawa mwake bokosi linali kupita kubwalo la ndege la Heathrow, ndipo anzake a Fidelis, omwe ankathamanga nawo ku Brands Hatch masiku amene bwalo la mpikisanolo limatsegulidwira anthu wamba, analonjeza kuperekeza galimoto ya maliro pa njinga zawo. Malo a patsogolo anasiyira njinga ya malemu. Khumbo anali ndi laisensi yake, yodzivutikira yekha, ndipo analumbira kuti pampando umenewo pakhala iye, wina afune asafune.

Mkangano uli mkati, kunalowa kaveni ka Biswick, makaniko wa ku Lusaka amene ankasamala njingayo. Anatsika, nagwira a Paterson m'manja mowapepesa, kenaka ananjuta pafupi ndi tayala lakumbuyo n'kuimba mluzu.

"Imwe mulimbana pa makiyi, koma tayala yasila iyi! Ba Fidelis anaidya yonse ku Brands mwezi watha. Bapolisi bakaiona, maliro aima pamsewu." Anatsegula veni n'kugubuduza matayala awiri. "Manje sankhani, lakutsogolo lizalondola mnzake."

Loyamba linali losalala, mizere yake yowerengeka, labala wake wofewa moti ankanyamula timiyala ta pansi. Lachiwiri linali ndi mizere yakuya yothawitsa madzi, lolimba pakati, lofewa m'mbali.

Maso a Khumbo anakanirira pa loyambalo. Tayala limeneli ankalidziwa: likatentha limamata pa tara ngati ulimbo, munthu n'kukhota bondo likukwecha pansi.

"Ili! Adadi anali munthu wa liwiro. Apite ndi tayala la liwiro."

"Iyo ifuna moto, mwana," anatero Biswick. "Patsogolo pa bokosi uzayenda monga nkhono, siizatentha. Na mvula ya Novembala iyi, uzatsetseleka pa raundabauti yoyamba chabe."

"Wamva?" A Paterson anapeza poponda. "Ukufuna titumize mabokosi awiri?"

"Inu mukanakhala kuti mumasamala za ine, bwenzi mutandifunsa ngati ndadya chifikireni inu kuno kuchokera ku Wembley!"

"Taonani mwano! Ndiye kulera ana ku Mangalande kumeneku?"

Nyimbo zam'mwamba zinaduka. Pamasitepe panamveka mapazi, ndipo anatulukira a Gladys, amayi ake a Khumbo, amene chichitikireni zovutazo anali asanadzuke pamatiresi a pabalaza. Kumbuyo kwawo kunali mayi Effie, mtsogoleri wa mvano, akuthamanga ndi shawelo m'manja.

"Anamfedwa satuluka panja, mayi! Anthu aziti chiyani?"

A Gladys sanacheuke. Anafika pa matayala aja, nawerama, nadinikiza chikhadabo cha chala chachikulu pakati pa loyamba, kenaka m'mbali. Anachita chimodzimodzi ndi lachiwiri, n'kulimenya ndi chikhatho.

"Ili. Biswick, manga ili ndi linzake."

Khumbo anayasama. "Amayi, inu si mumadana nayo njingayi? Mumaitchula kuti bokosi la matayala awiri!"

"Ndimadana nayo kutchalitchi." A Gladys anaweramuka. "Ukuganiza kuti ndikaweruka kuchipatala m'mawa ndinkabwera pa basi? Bambo ako ankandidikira kuseri kwa shopu ya nsomba, koti anamwino anzanga asandione. Mvula, chisanu, ine kumbuyo kwawo. Tayala lako losalalalo analigulapo kamodzi. Tinaterereka pang'ono pa Blackheath, sitinagwe, koma madzulo ake linali litachoka."

Biswick anaomba m'manja, akuseka misozi ili m'maso. "Ndiye chifukwa chake! Ku Brands tenze kumuseka ati athamanga na nsapato za kuchalichi. Nikamuuza, gula yofewa uzabapitilila bonse, akuti iyayi, iyi igwila konse konse, Loweluka pa bwalo, Lolemba pamsewu. Anyamata bamupitilila mumakona, yeve aseka chabe!"

"Ankapitirira angapo ndithu," anatero Khumbo.

"Maningi! Na nsapato za kuchalichi zamene izo!"

A Gladys anatambasula dzanja. "Alamu, makiyi."

"Alamu, mwambo…"

"Mwambo ukandipeza ku Ntcheu. Kumeneko ndikakhala pansi, ndikameta, mukagawa mpaka masipuni, ine sindikatsegula pakamwa. Koma mawa mwamuna wanga akudutsa komaliza m'misewu imene ankayendamo, ndipo njinga yake ikhala patsogolo."

A Paterson anayang'ana mayi Effie, mayi Effie anayang'ana pansi. Makiyi anatuluka m'thumba la malaya.

Pamenepo ntchito inagundika. Khumbo anapinda manja a juzi, nagwira sipanala, Biswick akumukalipira kuti asakande limu, chitsulo chokhalapo tayala. Amayi a mvano anatsika mmodzimmodzi n'kuima m'mbali mwa khoma, ena atagwira pakamwa. Ngakhale a Paterson anapezeka atagwirira chiwongolero kuti njinga isagwe, akulangiza zinthu zomwe sankazidziwa. Mpweya utalowa, tayala linalira kuti phwa! pokhazikika, mayi wina n'kukuwa kuti "Yesu!", anthu onse n'kuseka koyamba m'sabata yonseyo.

"Tayala ya nyowani ili na mafuta pamwamba, iterera," anatero Biswick akupukuta manja. "Uyende nayo lelo, pang'ono pang'ono. Greenwich na kubwela, Greenwich na kubwela, mpaka ichite khakhala."

Khumbo anavala chipewa chake cholimba, natenga jekete lachikopa la bambo ake pamsomali. Linamukulira m'mapewa. Atapisa m'matumba kufuna magolovesi, anaima. M'kati mwa matumba onse awiri munali mosokerera nsalu yaubweya yodula ku bulangete lakale, ulusi wake wokhotakhota, kusoka kwa munthu wosazolowera singano. Bambo ake poyendetsa sakanapisamo manja. Nanga ankafunditsa ndani?

Anakwera, naliza injini. Njinga inatitimira kumbuyo. A Gladys anali atavula chitenje n'kupatsa mayi Effie, atatulutsa chipewa china kuseri kwa zitini za penti n'kuchivala pamwamba pa duku. Manja awo anadutsa m'chiuno mwa Khumbo n'kulowa m'matumba aja osafufuza.

"Alamu!" anakuwa a Paterson. "Abusa akafika ndiwauze kuti muli kuti?"

A Gladys anagunditsa chipewa chawo pa cha mwana wawo.

"Iwe Khumbo, tikupita kapena utsike ndiyendetse ndine? Tandiyankha."