Chala cha Luwiza

Luwiza anazindikira singano italowa kale pachala. Anali atangowabaya jakisoni mayi Keziya, dzanja n'kuthamangira kubwezera chivundikiro, zomwe kusukulu ya unamwino anawaletsa mpaka makutu kuwawa. Koma iye anakula ndi mayi wosoka zovala, amene ankakalipa akaona singano ili pamtunda, ndiye manja ake anakumbuka za kunyumba. Kadontho ka magazi kanatulukira pagolovesi.

Chinali chaka cha 2005, matenda a Edzi akutha anthu. Mantha anamugwira.

Sisita Esitele, woyang'anira ophunzira pa kachipatala kameneka, kufupi ndi Kamwendo, anamukokera kumpopi. "Samba ndi sopo, osafinya. Mankhwala oteteza ali kuboma, koma tidziwenso za mayiwa."

Mayi Keziya anali tenanti pa esiteti ya fodya, kwawo ku Thyolo, owonda moti chitenje chinkazungulira kawiri. Atamva zoyezetsa magazi, nkhope inagwa.

"Iii asisita, popanda kufunsa bambo akunyumba? Akamva ndiye ndalongedza basi. Kwathu n'kutali."

Palibe anawakakamiza. Ananyamula kathumba kawo n'kufika pakhomo, koma pocheuka anaona Luwiza ali pabenchi, atagwira chala, misozi ili chuchuchu.

"Mwanawe, mayi ako alipo?"

"Alipo, amayi. Ku Dambe."

"Ndiye akudikira nesi kumeneko." Anaika kathumba pansi n'kutambasula mkono. "Tengani magaziwo."

Anawapeza ndi kachilombo. Tsiku lomwelo Luwiza anakwera ambulasi kupita kuboma, n'kuyamba mapiritsi amene anamusanzitsa mwezi wathunthu. Pomuyeza pambuyo pake, magazi ake anali bwinobwino. Anasangalala, koma mtima sunakhale pansi. Ankangoganiza kuti mayi aja anawathamangitsa paukwati chifukwa cha kusasamala kwake.

Chaka chotsatira, tsiku la msika pa Kamwendo, mayi wina wogulitsa mtedza anamukoka diresi. Masaya odzaza, mawu amphamvu.

"Anesi, mwayamba kunyada? Ndine Keziya!"

Luwiza anagwada pomwepo, pafumbi, anthu akuona. "Amayi, ndinasowa pokuthokozerani. Nanga abambo?"

"Anakalipa, anakalipa, mpaka anatopa. Anakayezetsa nawonso. Pano mankhwala timakatengera limodzi, iwo akupalasa njinga, ine pakaliyala ngati mkwatibwi."

Anamudzutsa, n'kumugwira dzanja, kumaliyang'ana ngati akusankha tomato.

"Chala chake n'chiti?"

Luwiza anawaonetsa. Panalibe ngakhale chipsera.

"Chikanapanda chimenechi, ine sindikanayezetsa. Bwenzi pamanda panga patamera udzu." Anachifumbata m'manja mwawo mokhakhala ndi fodya, maso atanyowa, kenako anatapa mtedza n'kumuthirira m'chikwama. "Koma iwe, usadzabwerezenso."