Nzimbe za Makoswe

A Gerevazio adabwerako ku Joni ndi jekete, chipewa, ndi nzeru imodzi imene palibe adawatuma. Kumeneko ankasesa m'nyumba ina momwe azungu ankaweta makoswe oyera, a maso ofiira. Ankaona azunguwo akubaya makoswe kuti adwale, kenaka n'kuwamwetsa mankhwala, ena n'kuchira. Zambiri sankazidziwa, poti yawo idali ntchito ya tsache. Koma pamudzi pawo, kumtunda kwa Kasina, nkhaniyi ankaikamba ngati jekeseniyo ankagwira ndi iwo.

Anthu ankangoseka mpaka chaka cha 1956, pamene mwana wawo Jesinta adayamba kudwala. Mtsikana amene ankasenza dengu la mbatata ya kachewere mpaka ku Mayani osatula adayamba kumwa madzi ngati ng'ombe. Kudya ankadya kwambiri, koma thupi linkangotha, siketi kuchita kumanga ndi luzi. Mayi ake, a Magadalena, ndiwo adayamba kuona kuti pamene mwanayo wakodza kuseri kwa nyumba pankadzaza nyerere.

Kuchipatala cha mishoni asisitere sadawabisire. Adati ndi matenda a shuga, mankhwala ake ndi jekeseni ya tsiku ndi tsiku moyo wonse, ndipo iwo adalibe. Mwina ku Zomba, koma ngakhale atakafika, akakhala kumeneko mpaka liti? Chimene akadatha n'kumuletsa zotsekemera zonse basi.

"Mayi a Jesinta, mankhwala ali m'phirimu," adatero a Gerevazio atafika kunyumba. "Chovuta n'kudziwa mtengo wake. Sindingamwetse mwana wanga chinthu chosayesa."

Adatchera makoswe m'nkhokwe, n'kuwaika m'madebe a palafini oboolaboola pakhonde. Koma kuti khoswe umuchize, ayambe wadwala. Poti matendawo ndi a shuga, bamboyo adaganiza kuti khoswe ukamudyetsa shuga wambiri adwala basi. Nzimbe zakudimba, zimene Jesinta ankazikonda kuyambira ali wamng'ono, zidayamba kupita m'madebe. Zinkapita zosendasenda, zoduladula bwino, ngati akukapatsa alendo.

Jesinta ankagona pamphasa pakhonde lomwelo kuothera dzuwa. Tsiku lonse ankamva makoswe akukukuta nzimbe, iye atapatsidwa masamba owiritsa opanda kanthu. Sadadandaulepo. Ankangoyang'ana madebewo, n'kumeza malovu.

Makoswewo sadadwale. Adanenepa, ubweya kuchita kunyezimira, moti wina adalephera kutembenuka m'debe mwake. A Magadalena zidawapsetsa mtima.

"Bambo a Jesinta, anthu akutiseka. Akuti pano makoswe ndiwo ana, mwana ndiye khoswe."

"Asiyeni aseke. Ku Joni zinkatenga nthawi."

"Ku Joni inu munkasesa!"

Mawuwo adawalasa a Gerevazio. Adanyamula nkhwangwa kupita kuphiri, n'kubwera ndi makungwa a muwawani ndi masamba a futsa, zowawa zokhazokha, poganiza kuti chowawa ndicho chingagonjetse chotsekemera. Adawiritsa, n'kumwetsa makoswe ndi bango. Khoswe wina adafa, iwo n'kuchepetsa muyeso. Otsalawo atakhala moyo, adati mankhwala apezeka, ngakhale kuti makoswe amenewo sadadwalepo n'komwe. A Magadalena adaliona bodza limeneli, koma adalibe china choti apereke m'malo mwake. Adagwira mutu wa mwana, bambo n'kumwetsa.

Choyezera chawo chidali nyerere. M'mawa uliwonse mkodzo wa Jesinta ankauthira m'phale, n'kukaika patsinde pa mtengo wa pichesi. Dzuwa likakwera pang'ono, a Gerevazio ankapita kukasuzumira.

"Zabwera, bambo?" ankafunsa Jesinta ali pamphasa.

"Zabwera, koma zachepa."

Sizinkachepa ayi. Phale linkachita kuda bii. Mwanayo tsopano ankachita kumunyamula potuluka m'nyumba, milomo itang'ambika, mpweya wake ukununkha ngati mapichesi ovunda. A Magadalena ankachita mantha akamamusambitsa, chifukwa nthiti zonse zinkawerengeka.

Udafika mwezi wa Juni ndi chisanu chake chija cholowa m'mafupa. Nkhungu idaphimba phiri masiku angapo, mame kuchita kuuma paudzu. Tsiku lina a Gerevazio adabwera kuchokera ku pichesi akuthamanga, chipewa chili m'manja.

"Sizidabwere! Mayi a Jesinta, palibe ngakhale imodzi!"

Bambo wamkuluyo adalira ngati mwana. Adagwada pakhonde n'kuchita chizindikiro cha mtanda, kenaka n'kuyamba kuwerenga anthu onse amene adawaseka, mmodzimmodzi, kuti akawauze. Tsiku lotsatira nyerere sizidabwerenso. Jesinta adamwetulira koyamba chiyambire chaka.

A Magadalena adafunitsitsa kukhulupirira. Koma iwo ndiwo ankasesa pabwalo, ndipo adaona kuti makoko a nzimbe amene ankagwa pansi pa madebe, omwe kale ankadzaza nyerere, tsopano ankangokhala mbee. Adatafuna kachidutswa ka nzimbe, n'kukalavula pafupi ndi phale lija. Adadikira mpaka dzuwa pamutu. Palibe chidabwera.

Adakoka amuna awo kupita nawo kuseri, kuti mwana asamve.

"Taonani. Iyi ndi nzimbe, si mkodzo. Nyerere zathawa chisanu, bambo. Sizikutuluka."

A Gerevazio adayang'ana nthawi yaitali. Kenaka adanyamula phale, n'kulowa nalo m'khitchini, n'kuliika pafupi ndi mafuwa, pamene khoma linkakhala lofunda. Onse awiri adakhala pansi. Idatuluka nyerere imodzi mumng'alu wa khoma, kenaka ina, kenaka mzere. Posakhalitsa phale lidada ngati kale.

"Ndiyesa mtengo wina," adatero bamboyo, koma mawu adatuluka opanda mphamvu.

"Muyesa pa yani? Mwamuona mwana lero? Madzi omwe akumuvuta kumeza."

Sadakanganenso. Padalibe chokanganirana. A Magadalena adawamvera chisoni amuna awo, chisoni choposa mkwiyo wonse wa miyezi ija, chifukwa adaona kuti munthuyo wakalamba atakhala pomwepo. Adatsuka phale, n'kukalibweza pansi pa pichesi.

M'mawa mwake Jesinta adapempha kuti akaone yekha phale lija. A Gerevazio adamukulunga m'jekete la ku Joni lija, n'kumunyamula. Mwanayo adapepuka ngati mtolo wa mapesi. Pansi pa mtengo phale lidali pomwepo, mkodzo uli momwemo, nyerere palibe.

"Ndiye kuti ndachira, bambo?"

A Gerevazio adayang'ana akazi awo. A Magadalena adayang'ana kuphiri.

"Wachira, mwana wanga."

"Ndiye mundipatseko nzimbe ija mumapatsa makoswe. Kamfundo kamodzi kokha."

Adamugoneka pamphasa. A Gerevazio adasankha nzimbe yonenepa kwambiri pamulu, n'kuyamba kusenda ndi mpeni. Adaidula tizidutswa ting'onoting'ono, monga ankadulira makoswe, chifukwa mano a mwanayo adalibenso mphamvu. A Magadalena sadawaletse. Adakhala pansi, n'kuika mutu wa Jesinta pamiyendo pawo, kuti madzi a nzimbe asamutsamwe.